Nyumba ya ku Chadiza musaigule pa foni

Kuyambira mu April 2023, pamene a NAPSA analola anthu a pa nchito kutapako 20 peresenti ya ndalama zao za penshoni, nkhani za m'minibasi zinasinthako. Kale tinali kukangana za mpira ndi mtengo wa unga. Lomba ukakhala pa mpando wa kumbuyo pocoka m'tauni kupita ku Chelstone kapena ku Chawama, umaona wina akupatsira mnzake foni: "Onani mwandi, iyi ili ku Chadiza pa boma, zipinda zitatu, malaiti alimo. Bakamba ati niikeko cabe hafu."

Maganizo ake ndi abwino. Lendi ya mu Lusaka siidziwa kuti munthu wakalamba, ndipo ife a kum'mawa ambiri timafuna kuti nchito ikatha tikapume kwathu. Koma pakati pa mpando wa m'basi ndi nyumbayo pali makilomita oposa 500, kuoloka mlatho wa Luangwa mpaka kukapatuka ku Katete kapena ku Chipata. Mtunda umenewu ndi umene ucititsa anthu kugula cithunzi. Ndipo cithunzi cimaonetsa penti, cifukwa ndiyo inthu yochipa kwambiri pa nyumba yonse.

Ku maiko monga Britain ndi America ogula ambiri amalemba katswiri woyendera nyumba asanamalize kugula. Kuno kwathu, mukatenga nkhongole ku banki kapena ku Zambia National Building Society, amatumiza munthu wao kukaona mtengo wa nyumbayo, koma iye amayang'anira ndalama za banki. Wogula ndi kashi alibe womuonera. Nyumba yakale ilibe galanti ngati wailesi ya m'sitolo: mukalipira, ming'alu yonse ndi yanu, ndipo kuti ndalama zibwerere pamafunika khoti.

Conco pitani nokha, ndipo mutenge bilikileya amene mudzamulipira inu. Asakhale amene anamanga nyumbayo, asakhalenso mphwake wa wogulitsa. Ku boma laling'ono ngati Chadiza anthu amadziwana, munthu sangafune kuononga malonda a mnansi wake, ndiye ngati n'kotheka bwerani naye kucokera ku Chipata kapena ku Katete. Nyumba ikakhala yaikulu, ya ndalama zambiri, funani injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia.

Nthawi yoyendera nyumba ndi January kapena February. Ogulitsa amakonda September ndi October, pamene pansi pauma gwa, udzu wapsa, dambo likuoneka ngati bwalo la mpira. Mvula ikakhazikika m'pamene mumaona kumene madzi amadutsa, ngati msewu wofika pakhomo umapitika, ndi pamene denga limadontha. Ife a ku Kanyama ndi ku Misisi sitifunika kuuzidwa zimene madzi amacita kwa munthu amene anasankha puloti m'cilimwe.

Yambani ndi zipupa. Nyumba zambiri za kum'mawa ndi za njerwa zoocha, zoumbidwa ndi dothi la pa culu. Njerwa yopsa bwino ndi yolimba, ilibe mlandu. Funso ndi lakuti anaimangira ciani. Ena amamanga ndi matope, ndiye kunja n'kupaka pulasitala ya simenti, ikuoneka ngati ya ku Kabulonga. Nyumba yotere anthu amakhalamo zaka zambiri ngati denga ndi labwino, koma mtengo wake suyenera kufanana ndi yomangidwa ndi simenti. Bilikileya amatenga msomali wautali n'kukanda pakati pa njerwa, pamalo pamene pulasitala sinafike, kawirikawiri pamwamba pafupi ndi malata. Matope amagumuka pomwepo.

Ming'alu nayo ili mitundu. Kamng'alu kowonda ngati tsitsi pa pulasitala sikaopsa. Woopsa ndi uja woyambira pa kona ya windo kapena ya citseko, wotsika mokhota ngati masitepe motsatira njerwa, umene mukauona kunja mumaupezanso mkati pamalo amodzimodzi. Pamenepo maziko akuyenda, ndipo simenti yomata pamwamba siingawaimitse. Tsekulani ndi kutseka zitseko zonse. Cimene cikukana kulowa m'felemu cikukamba nkhani imodzimodziyo. Gogodani pansi ndi pa cipupa: pakamveka ngati ng'oma, simenti yalekana ndi zapansi pake. Funsani ngati pamwamba pa mawindo panadutsa lamba wa konkire ndi zitsulo, amene omanga amati ring beam. Ndipo yang'anani m'munsi mwa cipupa, kufika m'mawondo. Penti ikafufuma, kapena pakatuluka zoyera ngati mcere, ndiye kuti cinyontho cikukwera kucokera pansi cifukwa sanaike pulasitiki pa maziko. Mukapeza penti yatsopano m'munsi mokha, musamutamande mwini nyumba kuti ndi waukhondo.

Kudenga ndi kumene anthu ambiri safika, cifukwa kumafuna makwerero ndi tochi, ndipo munthu wavala suti ya ku Lusaka. Kwerani. Ciswe cimadya thabwa mkati n'kusiya khungu, moti ndi maso limaoneka lamoyo, koma mukabaya ndi msomali umalowa ngati mu mbatata yophika. Onani njira zake za dothi pa zipupa ndi pa mafelemu. Malata funsani geji yake, ndipo kumbukani kuti nambala ikakula lata limapepuka: geji 28 ndi yolimba kuposa 32. Onaninso ngati matabwa anamangiriridwa ku cipupa ndi waya kapena citsulo. Mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga caka ndi caka, ndipo mukaona miyala ndi njerwa zosanjikidwa pamwamba pa malata, mwini wake waulula kale. Nyumba zakale za boma ndi za khonsolo, zija zinayamba kugulitsidwa kwa okhalamo mu 1996 pa nthawi ya a Chiluba, zambiri zili ndi denga la asbestos. Likakalamba limaphwanyika, fumbi lake limaononga mapapo, ndipo kulisintha ndi ndalama ina imene muyenera kuiwerengera musanagwirizane mtengo.

Mukatsika zungulirani kuseri. Yezani ndi mapazi kucoka pa cimbudzi kufika pa citsime. A zaumoyo amalangiza mamita 30, ndipo cimbudzi cisakhale kumtunda. Amene tinaona Heroes Stadium itasanduka cipatala ca kolera mu January 2024 tidziwa cifukwa cake. Za malaiti, onani dzina limene lili pa mita ya ZESCO, ndipo wa zamagetsi aone mawaya. Ngati pali pompi, mufunse ku Eastern Water ngati palibe nkhongole yotsala.

Manje apa ndiye pali nkhani yaikulu, pakuti nyumba ingakhale yolimba koma wogulitsayo alibe mphamvu yoigulitsa. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo ili pawiri: ya boma, imene imakhala ndi taitolo ya zaka 99, ndi ya mafumu. Ku Chadiza, mukangotuluka pa boma, mwalowa m'dziko la Mfumu Zingalume, Mfumu Mlolo kapena Mfumu Mwangala, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Kalata ya nyakwawa ndi yofunika ndipo iyenera kulemekezedwa, koma si taitolo. Kuti malo a mafumu akhale pa taitolo pamafunika cilolezo ca mfumu yaikulu ndi ca khonsolo, kenako a Ministry of Lands. Wogulitsa akakuuzani ati "mapepa tizakonza pambuyo", dziwani kuti mwina sadzatheka.

Ndiye pali mwambo wathu Acewa. Malo a pamudzi amatsata kucikazi. Mwamuna angamange nyumba ya malata ndi ndalama zake za fodya kapena za soya, koma ngati ali pa cikamwini, pansi pamene nyumbayo yakhala ndi pa mbumba ya mkazi wake. Inu mulipira bamboyo, mubwera ndi katundu pa loli, mupeza atsibweni a mkazi akhala pa khonde kukuyembekezani. Mwini nyumba akakhala kuti anamwalira, samalani koposa. Pa malo a taitolo, lamulo la cuma ca masiye la 1989 limapereka nyumba kwa wamasiye ndi ana, ndipo woyang'anira cuma sangaigulitse popanda cilolezo ca khoti. Lamulo lomwelo siligwira pa malo a mafumu. Kumeneko akubanja ndi mafumu ndiwo ali ndi mau. N'cifukwa cake ine ndimati kuyendera nyumba kumaphatikiza kukhala pansi ndi anthu: mkazi wa wogulitsa, anansi a mbali zonse, ndi nyakwawa. Amai amene akutunga madzi pa mjigo amadziwa mbiri ya nyumba iliyonse kuposa ejenti.

Ngati akuti taitolo ilipo, kacititseni sachi ku Ministry of Lands. Dzina lifanane ndi la pa NRC ya amene akugulitsa, muone ngati nyumbayo sinaikidwe cikole ku banki ndiponso ngati palibe amene anaitsekera. Pa puloti akuonetseni mabikoni onse. Ku khonsolo ya Chadiza funsani ngati pulani ya nyumbayo inavomerezedwa. Pogulitsa pamafunikanso cilolezo ca boma, ndipo msonkho wa ku ZRA wosinthira dzina ndi wa wogulitsa, asakukankhireni mwakacetecete.

February wapitayu ndinaperekeza alamu anga kukaona ina pafupi ndi boma, imene anali ataikonda kale pa WhatsApp. Bilikileya amene tinatenga ku Katete tinamulipira ndalama yosafika tikiti ya basi ya munthu mmodzi yopita ndi kubwera. Wogulitsa anatilandira bwino, nkhuku inaphedwa. Titapempha makwerero anati anabwerekedwa. Titabwereka kwa anansi anati nthawi yatha, pali wina wa ku Chipata afuna kulipira mailo. Bilikileya anakwera ndithu, ndipo anatsika ndi cidutswa ca thabwa la denga cimene anathyola ndi dzanja limodzi. Cipinda cogona cinali ndi wadiropu yoima pa kona. Ataisuntha tinapeza mng'alu wolowa zala ziwiri. Alamu anafunsa ngati mtengo ungatsike kuti akonzetse denga ndi maziko, mwini wake anakana, tinatsazika.

Sabata yatha cithunzi ca nyumba ija cinafikanso pa gulu lathu la a kum'mawa. Inali yobiriwira, lomba ndi ya yelo, ndipo mtengo wakwera.