Bichi yathu ili ku Feira, koma mchenga uja uli ndi eni ake

Mu komboni mukayamba nkhani ya holide ya pa bichi, anthu amathamangira kutchula Dar es Salaam olo Durban, ndiye nkhani imafera pomwepo chifukwa thumba lakana. Koma mu Lusaka Province mwathu momwe muno muli mchenga woyera ndi madzi otambalala, opanda pasipoti, opanda ndeke. Malo ake ni Luangwa boma, kumene akuluakulu akali kutchula kuti ku Feira.

Tinapitako mu July tili asanu. Tinachita chilimba miyezi itatu, tinabwereka matenti awiri, tinalonga mbaula, malasha, unga, mapoto ndi zigubu za madzi akumwa. Pa Chisanu 05:00 hours tinali kale pa Great East Road. Tanki tinadzaza ku Chongwe, chifukwa kutsogolo malo othira mafuta ni patalipatali. Mukapitirira Rufunsa mseu umayamba kukhotakhota m'mapiri, ndipo mathiraki opita ku Chipata ndi ku Mwami amadzaza njira. Apa draiva wofuna kuonetsa luso mumuuze kuti akhale kumbuyo.

Patapita makilomita pafupifupi 230 tinafika pa Luangwa Bridge, ulalo umene unatsegulidwa mu 1968. Pamsika wa pamenepo pali nsomba zouma, madengu ndi mphasa, ndipo amayi ogulitsa amadziwa kukamba mtengo kuposa a ku Soweto Market. Pa ulalo pali achitetezo, choncho musanatulutse foni kuti mujambule, pemphani. Opita ku Feira saoloka: mumakhotera kumanja ulalo usanafike n'kulowa mseu wa D145, makilomita ngati 90 kutsika ndi mtsinje.

Ulendo weniweni umayambira apa. Luangwa amakhala kumanzere, nthawi zina amabisala kuseri kwa mitengo, kenaka amatulukira ndi mchenga wake wautali ngati mabwalo a bola khumi. Kutsidya kuja ni Mozambique. Milambe ili mbwee, ana akugulitsa masau m'mabeseni, mbuzi zikudumpha mseu mopanda mantha. Mumadutsa njira yolowera ku chipatala cha mishoni cha Katondwe, ndipo ni bwino kuisunga m'mutu. Mukamatsika, majuzi amavulidwa imodziimodzi. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, pomwe pamene Luangwa amathira mu Zambezi ni mamita 329 chabe, malo otsika kwambiri mu Zambia yonse. N'chifukwa chake mu October kuno kumapsa zoona.

Pa boma tinaimirira pamphepete pa madzi n'kuona maiko atatu ndi maso amodzi. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Mabwato amangodutsana, ena ndi nsomba, ena ndi katundu wa m'mashopu. Dzina lakuti Feira ni la Chipwitikizi, tanthauzo lake msika. Apwitikizi anali kuchita malonda kuno m'zaka za m'ma 1700, a minyanga ya njovu ndi golide, ndipo pambuyo pake malonda a akapolo anasautsa anthu a chigwa chino. David Livingstone anadutsa mu January 1856 n'kupeza mabwinja a tchalitchi ku Zumbo. Dzina linasinthidwa kukhala Luangwa, koma konstityuwensi mpaka lero ni Feira. Dziko lino ni la Achikunda a Mfumu Mphuka ndi Ansenga-Luzi a Mfumu yaikulu Mburuma.

Manje imvani pamene tinatsala pang'ono kulakwa. Chakumadzulo tinapeza kamchenga kosalala pafupi ndi madzi, kunja kwa boma pang'ono. Panali ndi kanjira koyera bwino kochokera m'madzi kukwera kumtunda, ngati munthu anachita kutilambulira. Mnzathu wina anali atakhoma kale zikhomo ziwiri za tenti pamene mdala wina, amene anali kusoka ukonde chapafupi, anabwera pang'onopang'ono. Anatipatsa moni, anafunsa kumene tachokera, kenaka anati: "Ana anga, njira iyi simunaifunse mwini wake. Ni ya mvuu."

Tinaseka pang'ono, iye sanaseke. Anatisonyeza mapazi m'matope, akulu ngati mbale ya nsima. Anafotokoza kuti mvuu imatuluka usiku kukadya udzu ndipo imabwerera njira yomweyo, ndiye ikapeza chinthu pakati pa iyo ndi madzi siima kuti ifunse. Za ngwena anati imaloweza malo amene munthu amatungira madzi kawirikawiri, n'kumudikira tsiku lotsatira. Tinazula zikhomo mwamanyazi. "Zikomo atate, mwatithandiza," anatero draiva wathu, amene tsiku lonse anali kudzitcha katswiri wa m'thengo.

Mdala uja anatiperekeza kwa a hedimani, tinapereka moni ndi kangachepe, ndipo anatisonyeza malo okwera pansi pa mtengo, pafupi ndi nyumba za anthu. Anatichenjezanso kuti tisagone pansi pa mtengo wa masau, chifukwa nyengo ino njovu zimawakonda monga mmene timawakondera ife. Usiku umenewo tinadya nsima ndi mcheni wootcha pa mbaula, nyenyezi zili pafupi ngati ungazigwire. Cha m'ma 02:00 hours tinamva kubuula kwa mvuu kumunsi kuja. M'mawa tinapita kukaona: pamene panali zikhomo zathu panali mapazi atsopano. Palibe anakambapo kanthu mpaka tiyi itapsa.

Kwa ife a m'tauni ni nkhani yoseketsa ya pa WhatsApp, koma kwa anthu a kuno ni umoyo wa tsiku ndi tsiku. Njovu zimawadyera minda, ngwena zimagwira asodzi ndi amayi otunga madzi. Akakuuzani kuti apa ayi, si kuti akukumanani malo abwino.

Pa Chiweru tinakwera bwato la msodzi wodziwa madzi, titavala majaketi oyandamitsa, n'kuzungulira pamene mitsinje iwiri ikumana. Osamuuza kuti akuolotseni mwakabisira: kutsidya ni dziko lina, muyambe mwaonana ndi a Immigration pa boma. Amene ali ndi nthawi angafunse njira ya ku Kavalamanja, kumene asilikali a Rhodesia anaponya mabomba mu March 1978, pa nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe. Anthu amakumbukirabe tsikulo chaka ndi chaka.

Ngati mwakopeka, pitani pakati pa May ndi August kukali kozizirirako. Nyamulani neti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu, tochi, tayala la sipeya ndi ndalama za m'manja. Kuyambira pa 1 December mpaka kutha kwa February boma limatseka usodzi, ndiye musakavutitse asodzi kuti akugulitseni nsomba. Mabotolo ndi mapulasitiki anu mubwerere nawo, ndipo olo kutenthe bwanji, kusamba ni m'beseni.

Pa Sondo tinabwerera ndi mphasa ziwiri pamwamba pa motoka ndi thumba la masau. Mdala uja tinamusiyira tochi yathu. Anailandira ndi manja awiri, n'kutiuza kuti chaka chamawa tikabwera, tiyambe tafika pakhomo pake tisanatsitse katundu.