MAU OSANDUKA MANAMBALA

Tsiku lina la Sabata titangotuluka m'mapemphero, mkulu wa mpingo wina adatikokera pambali. Mwana wao wa Fomu 4 adali atawapempha ndalama zogulira kawailesi kogwira m'manja, nawauza kuti ndi kawailesiko adzatha kulankhula ndi anthu a ku Japan ndi ku Ulaya. "Kodi zimenezi n'zoona," adatifunsa, "kapena mnyamatayu afuna kundidyera ndalama zanga za mtedza?" Tidawayankha kuti mwanayo sadaname ai, koma sadanene zonse. Zimene adasiyazo ndizo tifuna kufotokozera makolo ndi achinyamata m'nkhani ino.

KODI ANTHU AMENEWA NDANI?

Pa dziko lonse lapansi pali anthu amene amaphunzira za wailesi mwa kukonda chabe, osayembekeza malipiro. Ntchito yaoyo pa Chingerezi imatchedwa amateur radio. Iwo saulutsa nyimbo kapena nkhani monga ichitira MBC. Amalankhulana wina ndi mnzake, amamanga milongoti yao, namayesa nzeru zatsopano. Bungwe lao la maiko onse, la IARU, lidakhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1925.

Munthu saloledwa kuponya mau pa mafunde amenewa popanda chiphaso cha boma. Kuno kwathu chiphasocho chimachokera ku MACRA, ndipo ku Zambia chimachokera ku ZICTA. Wolandira chiphaso amapatsidwanso dzina loitanira la zilembo ndi manambala, limene chiyambi chake chimaulula dziko lake. La ku Malawi limayamba ndi 7Q, la ku Zambia 9J, la ku Mozambique C9, ndipo la ku Zimbabwe Z2.

MAU ASANDUKA BWANJI MANAMBALA?

M'njira yakale, monga ya FM, mau a munthu amakwera pa mafunde monga momwe aliri. Wolankhula akamatalikira, mau ake amazilala pang'onopang'ono, phokoso nkumakula, kufikira atamira m'phokosomo.

Njira ya dijito ndi yosiyana. Tiyerekeze ndi mphunzitsi wa kwaya amene afuna kuti mpingo wakutali udziwe nyimbo yatsopano. Iye satumiza oimba ake onse pa lole ai. Amangolemba manotsi pa pepala natumiza, ndipo kwaya ya kumeneko imawerenga nkuimba nyimbo yomweyo. Wailesi ya dijito imachitanso chimodzimodzi. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa vocoder, kamene kamadula mau m'tizidutswa 50 pa sekondi iliyonse. Pa kachidutswa kalikonse kamalemba m'manambala kukwera kwa liu, mphamvu yake ndi kamvekedwe kake. Manambalawo ndiwo amayenda mumlengalenga, ndipo wailesi yolandira imawaumbanso kukhala mau.

Kapepala ka manotsi nkopepuka kuposa lole ya oimba. Lamya ya dijito yodzera pa nthambo idazolowera kunyamula mau ndi timanambala 64,000 pa sekondi, pamene wailesi ya mtundu wa DMR imangofuna 2,450, kuphatikizapo tina 1,150 tokonzera zolakwika za panjira. Chifukwa cha kupepukaku anthu ambiri amakwana pa malo ochepa a mafunde, mau amafika opanda phokoso, ndiponso dzina loitanira la wolankhula limatha kuoneka pa galasi la wailesi. Koma walira mvula walira matope. Liu loumbidwanso limamveka ngati la makina pang'ono, ndipo mafunde akafooka kupitirira malire, mau sazilala monga kale. Amangosweka nkuduka mwadzidzidzi.

MITUNDU YOSAMVANA

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Wailesi za dijito sizilankhula chilankhulo chimodzi, ndipo zimatikumbutsa za omanga nsanja ya ku Babele.

Woyamba kubadwa ndi D-STAR, amene adakonzedwa ndi bungwe la okonda wailesi la ku Japan, la JARL, ndipo kampani ya Icom idayamba kugulitsa wailesi zake m'chaka cha 2004. Wachiwiri ndi DMR, amene malamulo ake adasindikizidwa ku Ulaya m'chaka cha 2005 ndi bungwe la ETSI. Poyamba adapangidwira makampani ndi antchito, koma okonda wailesi adamutengera kwao. DMR amagawa mpata umodzi wa mafunde pawiri mwa kusinthana nthawi mofulumira kwambiri, kotero kuti magulu awiri amacheza pamodzimodzi osasokonezana. Popeza amapangidwa ndi makampani ambiri, wailesi zake kawirikawiri ndizo zotsika mtengo. Wachitatu ndi System Fusion wa kampani ya Yaesu, amene adatuluka m'chaka cha 2013. Ubwino wake ngwakuti wailesi imazindikira yokha ngati mnzako akulankhula pa FM kapena pa dijito.

Mitundu itatuyi imadalira vocoder ya banja la AMBE, imene eni ake ndi kampani ya ku America. Izi sizidakondweretse okonda wailesi ena, pakuti cholinga chao ndi kutsegula chinthu ndi kuona momwe chimagwirira ntchito. Motero David Rowe wa ku Australia adalemba vocoder yaulere yotchedwa Codec 2, imene idatuluka m'chaka cha 2010, ndipo aliyense angathe kuiwerenga ndi kuisintha. Pa imeneyi padamangidwa FreeDV, yolankhulira pa mafunde akutali a HF, ndiponso M17, imene idayambika ku Poland m'chaka cha 2019.

Wailesi ya DMR singamve ya D-STAR ngakhale ziwirizo zitakhala pa tebulo limodzi. Alipo akatswiri amene amamanga milatho pakati pa mitunduyi kudzera pa intaneti, koma woyamba kumene asawerengere zimenezo. Mtundu woyenera kugula ndi umene anzako apafupi akugwiritsa ntchito.

ZIMENE MNYAMATA UJA SADANENE

Kawailesi ka m'manja kali ndi mphamvu ya mawati 5 kapena kuchepera apo, ndipo kamalankhula pa mafunde a 144 mpaka 146 MHz kapena a 430 mpaka 440 MHz. Mafunde amenewa amayenda molunjika monga kuwala, salumpha mapiri. Pakokha kawailesiko kamangofika makilomita owerengeka. Kuti mau apite patali pamafunika repeater, ndiyo wailesi yoikidwa pa phiri kapena pa nsanja, yolandira mau nkuwaponyanso ndi mphamvu. Kumene kulibe repeater ya dijito anthu amagula kabokosi kotchedwa hotspot, kamene kawirikawiri kamakhala kakompyuta ka Raspberry Pi kolumikizidwa ndi kawailesi kofooka.

Tsono mau opita ku Japan aja amayenda pa mphepo mtunda waufupi chabe, mwina kuchokera pakhonde kufika kuchipinda. Ulendo wonse wotsala amauyenda pa intaneti. Choncho kholo lidziwiretu kuti mtengo wa kawailesi si mapeto a ndalama ai. Padzafunikanso hotspot, magetsi ndi ndalama za intaneti mwezi ndi mwezi.

DONGOSOLO LOYAMBIRA

Choyamba ndi kuphunzira ndi kutenga chiphaso. M'maiko ambiri munthu amayamba walemba mayeso a malamulo ndi a nzeru zamagetsi. Wofuna kuyamba afunse ku MACRA zimene zikufunika, asadagule kanthu kalikonse.

Chachiwiri ndi kupeza munthu amene ali kale ndi chiphaso, kukhala naye pansi ndi kumvetsera momwe amalankhulira. Safunsa adadya phula.

Chachitatu, atagula wailesi, alembetse dzina lake. Wosankha DMR amatumiza chithunzi cha chiphaso chake ku RadioID napatsidwa nambala yake ya manambala 7. Kenaka amalemba m'wailesi, kudzera pa kompyuta, ndandanda ya mafunde ndi magulu ochezera. Ndandandayi imatchedwa codeplug, ndipo ndi pamene ambiri amagwera mphwayi, chifukwa nambala imodzi ikalakwika wailesi imangoti zii. Nzeru ndi kuyamba ndi magulu awiri kapena atatu okha.

Chachinai ndi kudziyesa. Pa mgwirizano wa BrandMeister pali nambala 9990, imene imabweza mau a munthu monga chinkhwe, kuti adzimve yekha. Akakhutira alowe m'magulu. Gulu 91 ndi la dziko lonse lapansi, ndipo 655 ndi la ku South Africa. Komabe mbale wathu wa ku Johannesburg sangayankhe pa wailesi yake ngati nayenso alibe chiphaso.

Pomaliza pali mwambo. Malamulo salola malonda, zotukwana kapena mau obisika pa mafunde amenewa. Munthu amatchula dzina lake loitanira, amalankhula mwachidule, napumira kuti ena alowepo. Mwana wa Chikhristu akumbukire kuti liu limodzi loponyedwa pa gulu 91 limamveka m'maiko ambiri nthawi yomweyo, ndipo silibwezeka. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

TSIKU LA TSOKA

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe Freddy adakantha chigawo cha kumwera, napha anthu oposa 1,000. Misewu idaduka, magetsi adazima, ndipo mabanja ambiri adagona masiku osamva za abale ao. Pa tsiku lotere hotspot imakhala chete pamodzi ndi intaneti imene imaidyetsa. Zimene zimatsala zikulankhula ndi wailesi ziwiri zomvana mwachindunji, repeater ya batire ndi sola, ndiponso wailesi ya HF, imene mafunde ake amanjanja mumlengalenga nkukagwa kutali popanda nthambo ya munthu aliyense. FreeDV imayenda pa njira yomweyi, ingofuna wailesi ya HF ndi kompyuta.

Chifukwa chake tikulangiza achinyamata kuti pokondwera ndi chatsopano asanyoze chakale. Wailesi zambiri za dijito zili ndi FM momwemo. Aiphunzire, amange mlongoti ndi manja ao, adziwe kusamala batire. Wodziwa zimenezi ndiye adzathandize mudzi wake pamene lamya zonse zatonthola.

Ndipo inu makolo, musafulumire kukana. Mwana wofuna chiphaso ayenera kulimbika masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo madzulo amakhala pakhomo. Mkulu wa mpingo uja sadakane ndiponso sadagule. Adapangana ndi mwana wao kuti ndalama za mtedza zisungidwe kufikira tsiku limene adzaonetse chiphaso cholembedwa dzina lake. Pakali pano mnyamatayo ali ndi kope ndi pensulo, akuwerengera utali wa mlongoti wake woyamba.