Mpikisano womaliza wa mayunivesite: mwambo wa ku America womwe unafika ku Pretoria

PRETORIA - Pa 1 January 1902, timu ya yunivesite ya Michigan inagonjetsa ya Stanford ndi mapointi 49 kwa 0 mumzinda wa Pasadena, ku California. Masewerowa anali oyamba mwa omwe anthu a ku America amawatcha "bowl", omwe ndi mpikisano wa matimu awiri a sukulu za ukachenjede ligi ikatha. Dzinali linachokera ku bwalo la Rose Bowl, lomwe linamangidwa mu 1922 mooneka ngati mbale yaikulu.

Mpira wa ku Americawu, womwe osewera amanyamula m'manja atavala zisoti, sunazike mizu kum'mwera kwa Africa kuno. Chomwe chinawoloka nyanja ndi nzeru yosandutsa masewero a ophunzira kukhala chikondwerero chokopa makampani ndi wailesi za kanema. Ku South Africa izi zinayamba mu 2008 ndi chikho cha rugby cha Varsity Cup, chomwe masewero ake anaikidwa Lolemba madzulo, ndipo mu 2013 kunabwera cha mpira wa miyendo cha Varsity Football.

Yunivesite ya Pretoria, yomwe imadziwika kuti Tuks, ndi imodzi mwa zomwe zapindula kwambiri. Itagonja kwa yunivesite ya Cape Town mu ndime yomaliza ya 2011, inatenga chikho cha rugby mu 2012 ndi mu 2013 pogonjetsa ya Stellenbosch. M'timu ya 2013 munali Handré Pollard, yemwe anadzapambana chikho cha dziko lonse ndi timu ya Springboks mu 2019 ndi mu 2023. Pa mpira wa miyendo, Tuks ndiyo inayamba kutenga chikho mu 2013.

Pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Ku America timu ya yunivesite ikalephera siitsitsidwa ligi, imangosowa malo m'masewero a kumapeto kwa chaka. Ku South Africa yothera pansi imatsika, ndipo Tuks inalawa zowawazi mu 2023, patangotha chaka itatenga chikho. Inakasewera mu Varsity Shield mu 2024 n'kubwerera pamwamba mu 2025.

Kwa anthu a ku Eersterust, dera la kum'mawa kwa Pretoria lomwe lachita malire ndi Mamelodi, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Boma la tsankho linasandutsa derali kukhala malo a makaladi pansi pa lamulo la Group Areas Act, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Marabastad ndi madera ena a mumzindawu. Mabwalo a Tuks ku Hatfield sali kutali ndi Eersterust, komabe yunivesiteyi inali ya azungu okha kufikira mu 1989, pomwe inatsegula zitseko kwa anthu a mitundu yonse. Makolo omwe lero amaonera ndime yomaliza pa kanema anakula akudziwa kuti yunifomu ya Tuks sinali yawo, ngakhale akanakhala ndi luso lotani.

Chitsekocho n'chotseguka tsopano, ngakhale kuti n'chopapatiza. Malamulo a Varsity Cup amafuna kuti wosewera akhale wophunzira wolembetsedwa ndipo azikhoza gawo la maphunziro ake chaka chilichonse. Choncho mnyamata wa ku Eersterust ayenera kuyamba wakhoza bwino mayeso a matric, kenako n'kupeza ndalama za fizi kapena thandizo la maphunziro, asanaganize zoponda bwalo. Luso lokha silokwanira, ndipo apa ndi pomwe ana a m'sukulu zolemera, zomwe zili ndi aphunzitsi a masewero ndi mabwalo abwino, amawasiya anzawo m'mbuyo.

Ku America nkhani ya ndalama inapita patali. Kuyambira mu 2021 osewera a m'mayunivesite amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo potsatsa malonda, ndipo mu 2025 khothi linavomereza mgwirizano wolola mayunivesite kuwalipira mwachindunji.