Kuyezedwa pa Songwe sikutanthauza kuti matenda atsala kuseri kwa malire

Zitenje, nsapato ndi ziwiya zambiri zimene timagula pa msika wa Taifa mumzinda wa Mzuzu zimachokera ku Tanzania, ndipo zimalowera pa chipata cha Songwe m'boma la Karonga. Mabanja ambiri a ku Karonga, Nkhata Bay ndi Nkhotakota ali ndi m'bale amene amakapikula katundu ku Kyela, Mbeya kapena Dar es Salaam. Mliri ukamveka m'dziko loyandikana nalo, apaulendowa amapeza azaumoyo pa chipata akuwasambitsa m'manja, kuwaloza pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, komanso kuwafunsa kumene achokera. Ena amaona ngati akungowachedwetsa. Ena akadutsa amati basi, ndili bwino. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika.

Kachipangizo kaja kamagwira munthu amene thupi latentha kale. Koma tizilombo tikalowa m'thupi timayamba tabisala. Kolera amaonekera pakapita maola ochepa mpaka masiku 5, Covid-19 mpaka masiku 14, pomwe Marburg, nthenda yoopsa yofanana ndi Ebola imene inabuka m'chigawo cha Kagera ku Tanzania mu 2023 ndi 2025, imatha kubisala kuyambira masiku 2 mpaka 21. Munthu akhoza kudutsa pa Songwe m'mawa ali wangwiro, n'kukwera Chiweta, kugona ku Mzuzu tsiku lomwelo, kenaka n'kudzayamba kudwala ali kale pakati pa ana ake. Ngakhale panado womwedwa m'basi amatha kutsitsa kutentha kwa thupi, kachipangizo osaona kanthu.

Dziko lathu linaziona kale zimenezi. Pa 2 April 2020 boma linalengeza anthu atatu oyamba kupezeka ndi Covid-19 ku Lilongwe, ndipo mmodzi mwa iwo anali atangobwera kuchokera ku India. Mu February 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo akatswiri atakaunika kachilomboko anapeza kuti ndi ka mtundu umene unkazungulira ku Pakistan. Anthu ambiri onyamula kachilombo ka poliyo sadwala n'komwe, choncho palibe chipata chimene chikanakagwira. Chimene chimateteza ana ku nthendayi ndi katemera. Nawo kolera amene anayamba mu March 2022, n'kupha anthu oposa 1,700, anasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay, Salima ndi Mangochi, kumene anthu amayenda doko ndi doko popanda wowayeza. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Chisilamu chinatiphunzitsa kalekale za ulendo pa nthawi ya mliri. Khalifa Umar bin Khattab (Allah asangalale naye) ali pa ulendo wa ku Shaam, anauzidwa ali pamalo otchedwa Sargh kuti kumene akupitako kwagwa mliri. Atafunsa maganizo a Maswahaba, anaganiza zobwerera ku Madinah. Abu Ubaidah anamufunsa ngati kumeneko sikunali kuthawa chikonzero cha Allah, ndipo Umar anamuonetsa kuti kubwererako nakonso kunali m'chikonzero cha Allah. Kenaka Abdurrahman bin Auf anafika ndi kuwauza zimene anamva kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), zoletsa kulowa m'dera limene muli mliri, komanso kutulukamo mothawa ngati wakupezani muli momwemo. Nkhaniyi ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Lamuloli limateteza wapaulendo, limatetezanso anthu amene akupita kukawapeza.

Choncho Msilamu akafika pa chipata, ayankhe zoona. Kubisa kumene wachokera kapena kuzemba podutsa njira zachidule za pa mtsinje wa Songwe n'kuika ena pa ngozi chifukwa cha phindu la katundu. Akafika kunyumba adziyang'anire kwa masabata atatu. Thupi likatentha, akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kutuluka zidzolo zachilendo kapena magazi, apite msanga kuchipatala chapafupi, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti wachokera kunja, dziko lakuti, tsiku lakuti. Mawu amenewa ndiwo amathandiza dokotala wa pa Mzuzu Central Hospital kapena pa chipatala cha boma lanu kuti asangoganizira malungo okha. Wodwala wotere asadzikakamize kupita ku Jumuah, pakuti Shariya inampatsa kale chilolezo choswalira kunyumba.

Opita ku Hajj ndi Umrah nawonso nkhaniyi ndi yawo. Boma la Saudi Arabia limafuna chiphaso cha katemera wa matenda oumitsa khosi, wobayidwa masiku osachepera 10 munthu asanafike. Musafune chiphaso chogula, pakuti ku Mina ndi ku Arafat mudzakhala pakati pa khamu lochokera m'maiko onse. Ku Saudi Arabia n'kumenenso nthenda ya m'mapapo ya MERS inadziwika koyamba mu 2012, ndipo imachokera ku ngamira. Haji akabwera ndi chifuwa komanso kutentha thupi, abale adikire kaye kukumbatirana naye mpaka ataonana ndi dokotala.

Povuta kwambiri ndi pa maliro. Timakonda kusambitsa ndi kuika m'bale wathu mwachangu, ndi manja athu. Koma thupi la munthu womwalira ndi kolera kapena Marburg limakhala likadali ndi tizilombo tambiri, ndipo osambitsa ndiwo amayamba kutenga. Ngati womwalirayo anali atangobwera kuulendo ndipo anadwala modzidzimutsa, itanani azaumoyo musanamukhudze, ndipo funsani Shehe wanu. Maulama amaphunzitsa kuti pamene kusambitsa kungaphetse amoyo, Shariya imapereka mpata, ndipo Swala ya janaza imachitikabe.

Azaumoyo a pa Songwe amamuona wapaulendo kwa mphindi zochepa, pomwe inu a pabanja mumakhala naye usana ndi usiku. Mukaona zizindikiro, musachite manyazi kumuperekeza kuchipatala. Allah ateteze apaulendo athu, achize odwala athu, ndipo atitalikitse ku miliri. Aamiin.