Oilo wa pikapu ya dizilo sasankhidwa ndi zala

Mu June ndi July ku Kasina kumacha ndi nkhungu. Mphepo yochokera m'mapiri a Dedza imalowa mpaka m'mafupa, ndipo pikapu imene yagona panja itanyamula matumba a kachewere imadzuka movutikira. Dalaivala akapotoza kiyi, kagetsi kofiira ka oilo kamakhala kaye koyaka kwa masekondi angapo kasanazime. Ambiri sakayang'ana n'komwe kagetsiko, chonsecho nthawi yochepa imeneyi ndi imene injini imadyeka kwambiri. Usiku wonse oilo amakhala atatsikira pansi mu sampu. Pampu iyenera kumukoka n'kumukankhira ku maberingi, kumutu kwa injini ndi ku turbo, ndipo asanafike, zitsulo zimakhala zikupekesana zitangotsala ndi kachinyezi ka dzulo.

Pikapu kuno si galimoto yongoyendera. Ndiyo imatulutsa mbatata, nyemba, kabichi ndi matimati m'midzi kukafika nazo pa msewu wa M1, pa Linthipe kapena pa Chimbiya, zina mpaka ku msika wa Wakawaka ku Lilongwe. Pobwerera imatenga feteleza, malata ndi anthu a matola. Wodwala akalephereka pa chipatala cha Kasina, nthawi zina ndi yomweyo imathamanga naye ku chipatala chachikulu pa boma la Dedza. Pa maliro imanyamula bokosi. Ikafa, sadandaula mwini wake yekha.

Vuto ndi lakuti oilo, monganso masipeya, amachokera kunja. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chigubu cha oilo unatsatira pomwepo. Injini ya Hilux ya D-4D imamwa malita pafupifupi 7 pa sevisi imodzi, ndiye kuti chigubu cha malita 5 sichikwana, pafunikanso mabotolo awiri. Munthu amene akuwerengera ndalama ya dizilo, ya onyamula katundu ndi ya chiphaso cha pamsika amayamba kufunafuna podula, ndipo kawirikawiri mpeni umagwera pa oilo.

Mukaima pa galaja ya pansi pa mtengo mudzaona mmene oilo amayesedwera. Makaniko amadontheza pang'ono pa chala cha mkombaphala, n'kupaka ndi chala chachikulu, kenako n'kulekanitsa zalazo pang'onopang'ono. Oilo akanata n'kupanga kaulusi, amati ameneyu ndiye oilo, ngwolemera. Akaoneka wopepuka amati ndi madzi. Amakaniko athu amadziwa zambiri, ena amatha kumva vuto la injini ndi khutu lokha, koma pa nkhani iyi zala zimawanamiza. Zala zikuyesa oilo pa kutentha kwa pabwalo, pomwe m'kati mwa injini iye amagwira ntchito pa madigiri 90 mpaka 100, ndipo pa turbo kumatentha kuposa apo. Mankhwala amene amasiyanitsa oilo wa dizilo ndi oilo wamba zala sizingawamve n'komwe.

Zimene zala zikulephera kunena zinalembedwa pa chigubu. Kutsogolo kumakhala manambala monga 15W-40, omwe ndi muyeso wa bungwe la akatswiri a magalimoto la ku America lotchedwa SAE. Nambala yoyamba, yokhala ndi W, imanena mmene oilo amayendera kukazizira: ikachepa, oilo amafika msanga pa maberingi m'mawa. Oilo wa 15W amayesedwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, wa 10W pa 25, wa 5W pa 30. Ku Dedza sikuzizira kufika pamenepo, komabe kusiyana kwake kumamveka m'mawa wa mu June, pamene 20W-50 amatuluka m'chigubu ngati uchi wogona pozizira. Nambala yachiwiri imanena kulemera kwa oilo injini ikatentha, pa madigiri 100. Wa 40 ndi wolemera kuposa wa 30, wa 50 kuposa wa 40.

Ubwino wa oilo wa manambala awiri umaoneka bwino pa ulendo umene mapikapu a ku Dedza amauzolowera. Galimoto imanyamuka m'mamawa pa mtunda wa mamita oposa 1,500 kuli chisanu, n'kutsika msewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti ndi Mtakataka, kufupi ndi nyanja imene ili pa mamita pafupifupi 475. Masana ikukwera msewu womwewo itadzaza nsomba ndi mpunga, pa giya yachiwiri, dzuwa likuswa mtengo. Oilo mmodzi yemweyo ayenera kuyenda msanga m'mawa ndiponso osasanduka madzi pa chitunda. Oilo wa nambala imodzi, monga SAE 40 kapena SAE 50, amene ena amamukonda chifukwa chotchipa ndi kulemera, amakwanitsa mbali yachiwiri yokha.

Pa injini zakale zopanda makompyuta, monga 3L ndi 5L za Toyota, 4JA1 ya Isuzu KB kapena TD27 ya Nissan, oilo wa dizilo wa 15W-40 amakwanira chaka chonse. Injini zimenezi zikakalamba n'kuyamba kutulutsa utsi wabuluu, malangizo amene amamveka paliponse ndi akuti thirani wolemera. N'zoona kuti 20W-50 amachepetsa utsiwo ndiponso kumwa oilo, chifukwa savutika kutseka mipata imene maring'i otha asiya. Koma maring'iwo sanachire. Mwini galimoto wangogula nthawi, ndipo aigwiritse ntchito posonkhanitsa ndalama yokamasulitsa injini. Choipa ndi pamene malangizo omwewo aperekedwa pa injini ya D-4D kapena ya Ford Ranger ya masiku ano. Mmenemo njira za oilo ndi zopapatiza, ndipo turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi itayandama pa kachigawo kopyapyala ka oilo. Oilo wochedwa kufika amaipha mwakachetechete.

Kumbuyo kwa chigubu, komwe ambiri sayang'ana, ndiko kuli zofunika kwambiri. Pamakhala zilembo zitatu API, dzina la bungwe lina la ku America loona za mafuta, zotsatiridwa ndi zilembo zina ziwiri. Zikayamba ndi S, monga SL kapena SN, oiloyo anapangidwira injini ya petulo. Zikayamba ndi C, ndi wa dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita patsogolo, oilo amanka nakhala wamphamvu: CH-4 anabwera mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, CK-4 kumapeto kwa 2016. Zigubu zina zimalembedwa mbali zonse ziwiri, monga CI-4/SL, ndipo zilembo zoyambirira ndizo zimasonyeza ntchito imene oiloyo anapangidwira kwenikweni. Buku la pikapu yakale likamanena CF kapena CF-4, miyeso imene API inasiya kale kuivomereza, oilo wa CH-4 kapena CI-4 amakwanitsa ntchitoyo ndi kupitirira.

Injini ya dizilo imafuna oilo wakewake chifukwa cha mwaye ndi asidi. Dizilo akamayaka amasiya mwaye, ndipo wina amadutsa pa maring'i n'kugwera mu oilo. Kuno kumapiri mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 14 peresenti poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere, choncho injini yopanda turbo, ikalemedwa katundu pa chitunda, imasowa mpweya wokwanira n'kumafuka utsi wakuda. Mwaye umachuluka. Oilo wa dizilo ali ndi mankhwala ogwira mwayewo kuti uziyandama, usaundane n'kutseka njira. Alinso ndi mankhwala othetsa mphamvu ya asidi amene amabadwa sulufule wa mu dizilo akakumana ndi chinyezi. N'chifukwa chake oilo wa dizilo amada patangopita masiku ochepa chimuthirireni. Eni magalimoto ena akaona kudako amakwiya, amati anawagulitsa oilo wabodza. Kuda kumeneko ndi umboni wakuti oilo akunyamula mwaye. Wokayikitsa ndi amene wayenda makilomita ambiri mu injini ya dizilo koma akadali mbee, chifukwa ndiye kuti mwayewo wakhazikika penapake m'kati.

Pali gulu lina la mapikapu limene likuchuluka m'dziko muno, ogulidwa ogwiritsidwa kale ntchito ku UK ndi ku Japan. Malamulo a utsi a ku Ulaya otchedwa Euro 5, amene anayamba mu 2009, anachititsa kuti magalimoto a dizilo aziikidwa sefa yogwira mwaye mu paipi ya utsi, yotchedwa DPF. Sefa imeneyi imawotcha mwaye yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali, koma phulusa lochokera ku mankhwala a mu oilo silipsa. Oilo wa CI-4, amene ndi wabwino zedi pa 5L, amasiya phulusa lambiri, ndipo pang'ono ndi pang'ono amaitseka sefayo mpaka galimoto kuyamba kukana kuthamanga. Galimoto yotere imafuna oilo wa phulusa lochepa, kawirikawiri 5W-30 wolembedwa ACEA C2 kapena C3, ndipo zochokera ku Japan zambiri zimafuna JASO DL-1. Oilo ameneyu pa zala amamveka ngati wopanda mphamvu, ndiye amene makaniko wa pansi pa mtengo uja angamukane. Apa mawu omaliza akhale a buku la galimoto, ndipo ngati bukulo linatsala kudoko, nambala ya injini ndi foni ya intaneti zimakwanira kulipeza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi oilo woyezera. M'misika yambiri mumaona mabotolo amene kale munali madzi akumwa kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi ataimikidwa pa thebulo, muli oilo wa mtundu wa golide. Palibe nambala, palibe chilembo. Angakhale oilo wabwino wochokera mu diramu, angakhale wa petulo, angakhale wa makina ena, angakhalenso wogwiritsidwa kale ntchito amene wangosefedwa. Wogulitsa mwiniyo nthawi zina sadziwa, nayenso anangopikula. Munthu akathira oilo wotere amapulumutsa ndalama zochepa lero, pomwe injini ikanoka adzafunika maberingi, maring'i, magasiketi, kukapala kirankishafiti mumzinda, ndi masabata angapo galimoto ili pa miyala nthawi yokolola. Ngakhale chigubu cha dzina lodziwika chiyenera kuyang'anitsitsidwa, chifukwa anthu osaona mtima amatolera zigubu zopanda kanthu n'kuthiramo zawo. Chivindikiro chikhale chomata chosadulidwa, zolemba zikhale zooneka bwino, pakhale nambala ndi tsiku limene oiloyo anapangidwa. Kugula pa malo omwetsera mafuta kapena kwa wogulitsa wopereka lisiti kumathandiza kuti pakhale pokadandaula, kaya kwa iye kaya ku Malawi Bureau of Standards. Ndipo chigubu chikatha, chibooleni musanachitaye.

Oilo wabwino naye amatopa, ndipo ku Kasina amatopa msanga. Mabuku a magalimoto amapereka mtunda wa sevisi pa msewu wabwino, kenako amapereka wina wofupikirapo pa galimoto yoyenda m'fumbi, yolemedwa katundu, yoyenda maulendo afupiafupi kapena yokhala nthawi yaitali ikulira itaima. Pikapu ya kuno imachita zonsezi tsiku limodzi. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, misewu ya m'midzi imakhala fumbi lokhalokha, ndipo fumbi likadutsa pa fyuluta ya mpweya yong'ambika limasakanikirana ndi oilo n'kumapala masilinda. Makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana, ndi malire oyenera pa ntchito yotere, ngakhale oiloyo akhale wodula wa synthetic. Fyuluta ya oilo isinthidwe nthawi yomweyo. Kusiya yakale n'kusiya oilo wakuda ndi zinyalala zake kuti zisakanikirane ndi watsopano. Mafuta akasowa m'dziko ndipo dalaivala wakakamizika kugula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena palafini, sevisi ifulumire kuposa pamenepo.

M'mawa uliwonse, galimoto ili pamalo athyathyathya injini isanalire, chitsulo choyezera oilo chimanena zambiri kwa amene wachisolola, kuchipukuta n'kuchibwezera. Oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa, mwina gasiketi yapsa. Akamakwera yekha kupitirira mzere wapamwamba ndiponso akununkha dizilo, ndiye kuti dizilo akutsikira mu sampu, kaya chifukwa cha ma injector odontha kaya DPF imene ikulephera kumaliza kuwotcha mwaye, ndipo oilo wotere wasungunuka, sangatetezenso maberingi. Injini ikalira, ndi bwino kudikira kagetsi kofiira kazime n'kunyamuka mofatsa, osaponda moto nthawi yomweyo. Mukakwera Khwekhwerere n'kuima pa Masasa, ilekeni injini ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oilo apitirize kuziziritsa turbo m'malo mopserera mmenemo.

Oilo wakale wotuluka mu sampu nayenso ali ndi nkhani yake. Ambiri amapaka pa mitengo ya khola ndi mapaso poopa chiswe, ena amangothira pansi kuseri kwa galaja. Oiloyu ali ndi zitsulo ndi mankhwala amene amavulaza khungu likamakhudzana nawo kawirikawiri, choncho muzisamba m'manja ndi sopo mukatha sevisi. Wothiridwa pansi mvula imamukokolola kupita kudambo, komwe kuli madimba a kabichi ndi zitsime, ndipo timitsinje tambiri ta m'derali timathera mu Linthipe, mtsinje umene umakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Asungidwe m'chidebe chotseka bwino, kutali ndi ana ndi ziweto, ndipo pokagula oilo watsopano mufunse ngati pamalopo amalandira wakale.