Kodi kumvela nkhani kumathandiza kuthetsa mavuto a dziko?

Anthu ena aleka kumvela nkhani pa wailesi ponena kuti zimangowavutitsa maganizo. Kafukufuku wa bungwe la Reuters Institute wa mu 2024 anapeza kuti m'maiko amene anafufuzidwa, anthu 39 mwa 100 alionse amapewa nkhani nthawi zina kapena kawilikawili.

Koma kwa mlimi wa ku Chipata, Chadiza kapena Katete, kutseka wailesi kungamuonongetse munda. Kumapeto kwa caka ca 2016, mbozi za ntchembele zandonda zinaloŵa m'minda ya cimanga m'dziko muno. Mbozizi zimabisala mkati mwa nsonga ya cimanga, ndipo mankhwala amazigwila bwino zikali zazing'ono. Mlimi amene wamva cenjezo msanga amayendela munda wake masamba asanabooke. Amene wamva mocedwa amapopela mankhwala mbozi zitakula kale.

Cimodzimodzi pa mlili wa kolela umene unayamba mu October 2023. Boma linacedwetsa kutsegula masukulu mpaka mu February 2024, ndipo uthenga wowilitsa madzi kapena kuthilamo klorini unafika m'makomo ambili kudzela pa wailesi.

Ngakhale n'telo, kumva kokha sikupha mbozi. N'cifukwa cake pologalamu ya Radio Farm Forum, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, inakonzedwa kuti alimi azimvela ali pagulu, kukambilana zimene amva, ndi kutumiza mafunso ao kwa alangizi a zaulimi. Mawailesi a mu Chipata monga Breeze FM ndi Radio Maria amapatsanso omvela mwai woimba foni ndi kufunsa akuluakulu za feteleza wa FISP kapena za mtengo wa cimanga ku FRA. Apa ndi pamene nkhani imayamba kugwila nchito, pakuti mkulu wa boma amene wafunsidwa anthu onse akumva sapeza pobisala.

Vuto lina ndi lakuti munthu wotseka wailesi saleka kumva. Amamvabe za pa msika, za pa cigayo ndi za pa WhatsApp, zimene palibe amene wazitsimikiza. Mu 2020, mphekesela za anthu opopela mpweya wa poizoni m'manyumba zinayambila ku Chingola n'kufalikila m'madela ambili, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa amene anangowaganizila cabe.