Alendo olipira malo ogona ndi khasu

M'mayiko a ku Ulaya, Australia ndi New Zealand muli alendo ena amene salipira ndalama pa malo ogona ngakhale pa chakudya. Iwowa amalipira ndi khasu. Amadzuka m'mamawa kukapalira m'dimba la mwini nyumba, kuthirira ndiwo zamasamba kapena kututa manyowa, ndipo madzulo amadya pamodzi ndi banjalo n'kukagona m'chipinda chimene awapatsa.

Mchitidwe umenewu unakhazikika m'chaka cha 1971 ku England. Mayi Sue Coppard, amene ankagwira ntchito ya ulembi mu mzinda wa London, ankalakalaka kupita kumidzi pa Loweruka ndi Lamlungu, koma analibe wachibale wa munda woti n'kufikirako. Iwo anaganiza zopempha malo kwa alimi ndi lonjezo lowathandiza ntchito. Ulendo woyamba unali wa ku munda wa sukulu ya Emerson College m'chigawo cha Sussex, kumene mayiwa ndi anzawo owerengeka anakagwira ntchito masiku awiri. Apa ndi pamene panabadwira bungwe la WWOOF, limene tsopano lili ndi alimi olandira alendo m'mayiko oposa 100, kuphatikizapo Portugal.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Wofuna kuyenda amalipira ndalama ya umembala ya chaka chimodzi ku nthambi ya bungweli ya dziko limene akupitako, ndipo amaona mndandanda wa alimi. Kale mndandandawu unali kabuku kosindikiza, koma masiku ano uli pa intaneti. Mlendo amalembera yekha mlimi, ndipo awiriwo amagwirizana za tsiku lofika ndi kutalika kwa nthawi yokhala. Kawirikawiri ntchito imakhala ya maola 4 mpaka 6 pa tsiku. Alimi a m'bungweli ndi olima popanda feteleza wa m'sitolo kapena mankhwala ophera tizilombo, choncho udzu wambiri umazulidwa pamanja ndipo mlendo sasowa chochita.

Mlimi wa ku Angónia kapena ku Macanga akamva zimenezi akhoza kunena kuti ndi ganyu yemweyo wolimira chakudya. Komatu pali kusiyana. Waganyu amapita kwa mnzake chifukwa nkhokwe yake yauma, pamene mlendoyu amakhala atadzigulira yekha tikiti ya ndege, ndipo chimene akufuna ndi kuona dziko, kuphunzira chinenero ndi kudziwa kalimidwe ka eni ake. Malipiro a ndalama palibe. Amene anganyamuke poganiza kuti akapeza kangachepe kotumiza kumudzi adzabwera chimanjamanja.

Vuto lalikulu lili pa chipata cholowera m'dziko. Mlimi ndi mlendo wake amati akungothandizana, koma maboma ena amati chakudya ndi malo ogona nawonso ndi malipiro. Ku New Zealand, lamulo limawerengera ntchito yotere ngati ntchito ina iliyonse, ndipo wolowa ndi viza ya kukacheza saloledwa kuigwira. Ku Britain, mlendo wokacheza amaloledwa kugwira ntchito yodzipereka masiku osapitirira 30, ndiponso pokhapokha ikhale ya bungwe lachifundo lolembetsedwa ku boma. M'chaka cha 2025, mtsikana wina wa ku Britain anasungidwa masiku 19 m'malo otsekera anthu olowa m'dziko ku United States, akuluakulu ataona kuti ankathandiza ntchito zapakhomo posinthana ndi malo ogona pamene analowa ngati wokacheza.

Umembala wa WWOOF si chilolezo cholowera m'dziko, ndipo bungweli silipezera munthu viza. Mzika ya Mozambique yofuna kupita ku Portugal iyenera kupempha viza isananyamuke, ndipo viza ya ulendo waufupi imalola masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Ku ofesi ya kazembe ndiye koyenera kufunsa poyera ngati viza imeneyo ikulola kulima m'dimba la munthu posinthana ndi chakudya.

Chinanso n'chakuti mgwirizano wa awiriwa umadalira kukhulupirirana basi. Mlimi akhoza kuwonjezera maola, ndipo mlendo naye akhoza kukhala waulesi wongodikira mbale. N'chifukwa chake ozolowera maulendo otere amayamba afunsa za maola, masiku opuma, chipinda ndi zakudya, amawerenga zimene alendo akale analemba za mlimiyo, ndiponso amasunga ndalama yochokera pamalopo zinthu zikavuta.

Kwa wachinyamata amene anakulira pa dimba la kabichi ndi mbatatesi, ntchito yeniyeniyo si yachilendo, ndipo mwina angaposere anzake ochokera m'mizinda ya ku Ulaya. Chimene chingamubweze pa bwalo la ndege si khasu ayi, koma chidindo cha mu pasipoti yake.